Ntchito ya pa Kachulu

Ntchito yanga ndaigwirira pa kachulu ka dothi kamene kamakhala pakati pa bwalo la baseball. Ndi kachulu kakang'ono, kokwera masentimita 25 basi, ndipo pamwamba pake anakwirirapo kathabwa ka labala kopondapo phazi. Kuchokera pa kathabwako kukafika pa puleti yoyera imene womenya amaima pambali pake pali mamita 18.44. Mtunda umenewu anaukhazikitsa mu 1893, ndipo mpaka lero sunasinthe. Puletiyo m'lifupi mwake ndi masentimita 43. Mpira ukadutsa pamwamba pake, cha pakati pa mawondo ndi chifuwa cha womenya, iye n'kuusiya, woyimbira amakuwa kuti strike. Akakupiza chibonga n'kuphonya, imeneyonso ndi strike. Zikakwana zitatu, womenya watuluka. Ine ndikaphonya malowo, iye osanyengeka nawo, imeneyo ndi ball, ndipo zikakwana zinayi amapita ku besi yoyamba ulele. Masewera amodzi amakhala ndi zigawo 9, ndipo chigawo sichitha mpaka titatulutsa anthu atatu. Mwana angathe kuloweza malamulo amenewa tsiku limodzi, koma luso lake munthu amapuma pa ntchito asanalimalize.

Oonera ambiri amayesa kuti woponya wabwino ndi amene ali ndi mkono wamphamvu kuposa anzake. Mphamvu imafunika ndithu, koma nkhani siinagone pamenepo. Mpira wothamanga makilomita 150 pa ola umafika pa puleti theka la sekondi lisanakwane. Womenya alibe nthawi youyang'ana mpaka ufike. Amagamula zoti amenye kapena ausiye mpirawo ukadali pakati pa njira, ndiye kuti amadalira kuyerekeza: ukubwerawu ndi mpira wanji, ufika liti, udutsa pati. Katswiri wa m'ligi yaikulu akadziwiratu chimene chikubwera, ngakhale uponye mpaka mkono kuzuka, aumenya basi. Ntchito ya woponya ndi kumusokoneza kuyerekezako, kuti afulumire pofunika kudikira, achedwe pofunika kufulumira. Zonse zimene ndinaphunzira zinali za zinthu ziwiri: kumusokoneza womenya, ndi kusunga mkono kuti chaka chamawa udzagwirenso ntchito yomweyo.

Ndinakulira ku San Pedro de Macorís, tauni ya minda ya nzimbe m'mbali mwa nyanja ku Dominican Republic. Kwathu mwana amadziwa kugwira chibonga asanadziwe kulemba dzina lake. Tinkasewera vitilla m'misewu, chitsekerero cha chigubu cha madzi chili mpira, ndodo ya tsache ili chibonga. Kachitsekereroko sikayenda mowongoka. Kamakhota, kamagwa, kamakwera, malinga ndi mmene chala chakatulutsira, ndipo pamenepo m'pamene zala zanga zinayambira kuphunzira. Nditasinkhuka ananditenga mmodzi wa aphunzitsi oima paokha amene kwathu timawatcha buscones. Amenewa amatola ana aluso, kuwadyetsa, kuwaphunzitsa, ndipo mwana akasainidwa amatapako gawo la ndalama zake. Matimu onse 30 a Major League Baseball ali ndi sukulu zawo za mpira m'dziko lathu, ndipo lamulo limalola kusaina mwana akakwanitsa zaka 16. Nthawi yathu tsiku limene aliyense ankaliwerengera linali 2 July. Kuyambira mu 2021 analisunthira pa 15 January.

Tsiku loyesedwa, ofunafuna osewera amaima kuseri kwa ukonde, aliyense atalozetsa kachipangizo koyezera liwiro. Nkhope yako alibe nayo ntchito. Ukangoponya, maso onse amagwera pa nambala, kenako pa kope. Nambala imene mwana aliyense ankailota inali 90, ndiye kuti mamailosi 90 pa ola, pafupifupi makilomita 145. Ine ndinaifika, ndinasaina, ndipo ndalamazo zinafolera nyumba ya mayi anga ndi malata atsopano. Koma ku sukulu ya timu ndinakapeza kuti pafupifupi woponya aliyense m'chipinda chogona anali ataifikanso nambalayo. Inali yongotilowetsa pachipata, ntchito yeniyeni inali isanayambe.

Kumeneko m'kumene ndinaudziwira mpira. Umalemera magalamu pakati pa 142 ndi 149. Mkati mwake muli kanjere kokutidwa ndi labala, kokulungidwa ndi ulusi wambirimbiri, ndipo kunja kuli zikopa ziwiri za ng'ombe zolumikizidwa ndi masitichi ofiira 108, osokedwa pamanja. Mipira ya ligi yaikulu amaisokera ku Turrialba m'dziko la Costa Rica, pa fakitale ya Rawlings. Ukangotuluka m'bokosi umaterera, n'chifukwa chake masewera asanayambe amaupaka matope apadera ochokera m'mbali mwa mtsinje wa Delaware ku New Jersey, chizolowezi chimene chinayamba m'zaka za m'ma 1930. Mukaona woponya walandira mpira watsopano n'kumaufikisa m'manja, dziwani kuti akupapasa msoko, kumva ngati watumphuka bwino kapena ndi wophwatalala. Chilichonse chimene mpira umachita m'mwamba chimayambira pa mmene chala chakhalira pa msoko umenewu.

Poponya fastball, chala cha mkombaphala ndi chapakati zimapingasa msoko, chachikulu chili pansi. Potulutsa, nsonga za zala zimakokera msoko pansi, mpira n'kuzungulira chakumbuyo kopitirira ka 2,000 pa mphindi. Kuzungulirako kumauchititsa kuti usatsike msanga monga diso likuyembekezera, ndipo chibonga chimadutsa pansi pake. Ukatsatiza zalazo ndi msoko m'malo mopingasa, mpira umapatukira mbali ya mkono woponyera n'kumira, womenya amaugunda pamutu, umangogubuduzika pansi kupita kwa anzako. Curveball imafuna chala chapakati chikanikize msoko, chikhatho chiyang'ane kukhutu, mpira uzungulire chakutsogolo kuti ukagwe mwadzidzidzi pafupi ndi puleti. Slider imathamanga kuposa curveball ndipo imakhota mochedwa chammbali, womenya atayamba kale kukupiza.

Koma mpira umene unandidyetsa zaka zambiri ndi changeup. Anandiphunzitsa mphunzitsi wina wachikulire amene anaponyapo nthawi yaitali m'ligi ya kwathu. Anatenga dzanja langa, n'kukankhira mpira mkati mwa chikhatho, n'kupinda chala chachikulu ndi cha mkombaphala kuti zikumane pambali, zala zitatu zotsalazo zili pamwamba. Atatero anati, "Mwana wanga, womenya sayamba kuona mpira, amayamba kuona mkono wako. Mkono uthamange monga nthawi zonse. Zala ndizo zichedwetse mpira."

Nditayesa ndinati, "Bambo, ukutuluka wofooka. Umenewu andimenyera kunja kwa bwalo."

Iwo anati, "Wofooka m'maso mwako. Pamene ukufika pa puleti, iye akhala atamenya kale mphepo."

Anandiuza kuti m'mawa uliwonse poponyerana ndi mnzanga ndizigwira mpira mwa njira imeneyo, ngakhale tili patali, kufikira dzanja litaiwala kuti ndi kagwiridwe kachilendo. Changeup yabwino imachedwa ndi makilomita 13 mpaka 16 pa ola poyerekeza ndi fastball, koma imatulukira pamalo omwewo, mkono ukuthamanga chimodzimodzi. Kwathu chitsanzo chake ndi Pedro Martínez wa ku Manoguayabo. A Dodgers anamuphunzitsa ku Campo Las Palmas, koma mu 1993 anamusinthanitsa ku Montreal, ena akukayikira ngati thupi lake laling'onolo lingapirire. Anatenga mphoto ya Cy Young mu 1997, 1999 ndi 2000, ndipo mu 2015 analowa mu Hall of Fame. Liwiro anali nalo, koma chimene chinkawaimitsa mitu omenya n'chakuti poona mkono wake sakanatha kudziwa kuti ukubwerawo ndi uti.

Mphamvu yoponyera siyambira m'mkono, imayambira pansi. Mwendo wakumbuyo umakankha kathabwa, wakutsogolo umaponda n'kuuma gwa, chiuno chimayamba kutembenuka mapewa akadali otseka, chifuwa chimatsatira, mkono umabwera pomalizira penipeni. Phewa likatseguka msanga, katundu yense amagwera pa chigongono. N'chifukwa chake woponya amathera nthawi yambiri akulimbitsa miyendo, chiuno ndi timinofu ta kuseri kwa phewa. Palinso kubisa. Makochi a timu inayo amakuyang'anitsitsa ngati gulovu yako imatambasuka ukamagwira changeup, kapena ngati umachedwa pang'ono usanaponye curveball. Akangoona kachizindikiro kamodzi, benchi yonse yadziwa, ndipo usiku umenewo sugona tulo.

Woyambitsa masewera amaponya kamodzi pa masiku asanu, chifukwa timu imakhala ndi anthu asanu osinthana pa sizoni imene m'ligi yaikulu imakhala ya masewera 162. Tsiku lotsatira kuponya, mkono umalemera moti kupesa tsitsi kumavuta. Limenelo ndi tsiku lothamanga ndi kuwongola thupi. Pakati pa masikuwo umakaponya pang'ono ku bullpen, malo okonzekerera, kukonza mpira umene unakuvuta. Kenako umakhala pansi ndi wowakha kuwerenga omenya a timu yotsatira. Olowa m'malo moyo wawo ndi wina. Amakhala ku bullpen tsiku ndi tsiku, foni ikalira amadzuka, ndipo m'mphindi zochepa ayenera kukhala atatentha. Mariano Rivera wa ku Panama anatseka masewera 652 opambana, kwenikweni ndi mpira umodzi wotchedwa cutter. Aliyense ankadziwa kuti ukubwera, koma iye ankauika penipeni pamene wafuna, ndipo zibonga zinkathyoka m'manja mwa eni ake.

Wowakha, amene amanjuta kumbuyo kwa womenya, ndiye maso a woponya. Nthawi yathu ankalankhula ndi zala pakati pa miyendo: chimodzi fastball, ziwiri curveball, zitatu slider, kugwedeza zinayi changeup. Kuyambira mu 2022 ligi yaikulu inalola kachipangizo ka PitchCom, wowakha amadina batani, mawu n'kumveka m'chipewa cha woponya. Mu 2023 anawonjezera wotchi yowerengera woponya, masekondi 15 okha pamene pa mabesi palibe munthu. Zipangizo zasintha, koma kuwerenga munthu sikunasinthe.

Usiku wina m'ligi ya kwathu ndinakumana ndi womenya wamanzere wodziwa ntchito, mnzake ali pa besi yachiwiri, awiri atatuluka kale. Woyamba ndinamuponyera fastball chamkati. Anaumenya mwamphamvu koma unapatukira kunja kwa mzere wa kumanja. Ine ndi wowakha tinaona chinthu chimodzi: wafulumira, akusaka fastball. Wachiwiri changeup, anakupiza mpira usanafike, bondo mpaka kugunda pansi. Wowakha anapempha slider ya m'dothi, ine ndinapukusa mutu. Ndinaponya fastball m'mwamba, kufupi ndi mapewa ake, kunja kwa malo a strike. Anausiya, woyimbira anati ball, oonera ena anadandaula. Koma maso ake anali atakwera, thupi lake litakumbukiranso liwiro. Wachinayi changeup ina, yotsika kuposa yoyamba ija, yothawira kunja. Anaigunda ndi nsonga ya chibonga, inagubuduzika mofooka kupita kwa mnzanga wolondera besi yachiwiri, chigawo chinatha. Anthu anaombera m'manja mpira wachinayi, koma umene unagwira ntchito ndi wachitatu uja, umene unawerengedwa ngati wophonya.

Kuponya chamkati kuli ndi malire amene woponya aliyense ayenera kuwalemekeza. Mu 1920 Ray Chapman wa timu ya Cleveland anamwalira mpira utamugunda m'mutu. Ndi ufulu wanga kumusuntha womenya amene wadyerera puleti, koma mpira woloza kumutu si luso, ndipo woponya wotero anzake omwe samupatsa ulemu.

Ku America ndinakwera makwerero a maligi aang'ono, kuyambira pansi pa Rookie, kudutsa Single-A ndi Double-A, mpaka Triple-A, khomo lomaliza munthu asanalowe m'ligi yaikulu. Moyo wake ndi wa m'basi. Masewera akatha usiku mumakwera, kukucha muli tauni ina, madzulo mukusewera. Mu April kumpoto kumazizira moti zala sizimva msoko, ndipo mwana wa dziko lotentha amaphunzira kupumira m'dzanja asanaponye. Chingerezi tinalibe, ndipo ambiri tinkadya chakudya chimodzimodzi tsiku ndi tsiku chifukwa n'chokhacho chimene tinkadziwa kuitanitsa. Malipiro ankabwera m'miyezi ya sizoni yokha, nthawi ya zokonzekera osalandira kanthu. Tinkadzazana m'nyumba imodzi, matiresi pansi, kuti patsale kotumiza kumudzi. Achinyamata a lero zinthu zawayenderako: mu 2022 matimu anayamba kuwapatsa nyumba, chaka chomwecho analowa m'bungwe la osewera, ndipo mgwirizano wawo woyamba wa mu 2023 unakweza malipiro kuposa kawiri. Chimene sichinasinthe ndi mawu aja akuti manejala akukuitana ku ofesi. Mnzako amene mumadya naye dzulo, lero akulongedza chikwama, ndipo mawa pa malo ake pali dzina lina.

Koma choopsa kuposa ofesi ya manejala chili m'chigongono. Mkati mwake muli kamtsempha kakang'ono kolumikiza fupa lakumtunda ndi lakumunsi, madokotala amakatcha UCL. Mpira uliwonse woponyedwa ndi mphamvu zonse umakakoka kufika pafupi ndi malire ake. Kamatha ngati chingwe cha pachitsime: luzi limaduka limodzilimodzi osaoneka, ndipo tsiku lodukiratu chidebe chake chimakhala chomwechija cha masiku onse. Kanga kanaduka ndili ku Double-A. Ndinangomva kuti thi mkati mwa mkono, mpira wotsatira unakagwa pansi usanafike pa puleti, zala ziwiri zakumapeto zitachita dzanzi.

Kale zikatero ntchito inkathera pomwepo. Mu 1974 Dr. Frank Jobe, dokotala wa Dodgers, anayesa chinthu chatsopano pa woponya wamanzere Tommy John. Anatenga mtsempha kumkono winawo, anaboola mafupa a chigongono, n'kuupisa m'mabowomo kuti ulowe m'malo mwa wodukawo. Tommy John sanasewere chaka chonse cha 1975, anabwerera mu 1976, ndipo anaponya mpaka 1989. Pa masewera 288 amene anapambana, 164 anawapambana opaleshoniyo itachitika. Lero opaleshoniyo imadziwika ndi dzina lake, ndipo ine ndili ndi chipsera chake. Kuchira kumatenga miyezi 12 mpaka 18. Miyezi yoyamba suponya n'komwe, umangophunzitsa mkono kuwongoka. Kenako umayamba kuponyerana pafupi, n'kumatalikira pang'onopang'ono, anzako akusewera iwe ukuwerenga nambala pa pepala la dokotala. Makolo ena amva mphekesera yakuti opaleshoni imeneyi imawonjezera liwiro. Si zoona. Amene amabwerera amphamvu ndi chifukwa cha miyezi yolimbitsa thupi lonse, ndipo alipo amene sabwereranso.

Ine ndinabwerera, koma liwiro silinabwerere lonse. Pamenepo m'pamene mawu a mkulu uja anakhala chuma changa. Ndinaphunzira kuyamba womenya ndi changeup, kusiya fastball kuti ibwere pamene sakuiyembekezera, ndi kulola kuti mpira umenyedwe mofooka m'malo mofuna kutulutsa aliyense ndi ma strike atatu. M'ligi yaikulu sindinafikemo, koma ndinaponya zaka zina zambiri, chilimwe ku Mexico, ndipo kuyambira October mpaka January m'ligi ya kwathu. Amene sanaimepo pa kachulu ka ku Estadio Tetelo Vargas ng'oma ndi malipenga zikulira sangadziwe kukoma kwa ntchito imeneyi. Anzanga angapo amene ankaponya mothamanga kundiposa anali atasiya kale, mikono itawakana. Kuthamanga si kufika.

Pa 2 July 1963, Juan Marichal wa San Francisco Giants, munthu woyamba wa dziko lathu kulowa mu Hall of Fame, analimbana ndi Warren Spahn wa Milwaukee Braves, amene anali ndi zaka 42. Onse awiri anaponya mpaka chigawo cha 16, aliyense mipira yoposa 200, kufikira Willie Mays atamenya home run yothetsa masewera 1-0. Masiku ano woponya akayandikira mipira 100 manejala amadzamuchotsa, komabe zigongono zikuduka. Chifukwa chimodzi chachikulu n'chakuti akale ankasunga mphamvu, n'kuitulutsa yonse pokhapokha pathina. Alero amaphunzitsidwa kuponya mpira uliwonse ndi mphamvu zonse, chifukwa kuyambira mu 2015 makina a Statcast amayeza liwiro ndi kuzungulira kwa mpira uliwonse m'ligi yaikulu, ndipo nambala zimenezo n'zimene zimalemba munthu ntchito. Kwathu vutoli limayamba msanga, popeza ofunafuna osewera amayamba kulonjeza ana ali ndi zaka 13 kapena 14. Mwana amene mafupa ake sanakhwime amaponyetsedwa chaka chonse osapuma, kuti nambala ikwere tsiku losaina lisanafike.

Tsopano ndimaphunzitsa anyamata, ndipo pa nkhani imeneyi sindinyengerera. Malangizo a Pitch Smart, amene Major League Baseball ndi USA Baseball anatulutsa mu 2014, amati mwana wa zaka 13 mpaka 16 asapitirire mipira 95 pa tsiku, ndipo azipuma miyezi inayi pa chaka. Ndimawerenga mipira ya mwana aliyense, ndipo ikakwana ndimamulanda mpira ngakhale alire. Kachipangizo koyezera liwiro kamakhala m'chikwama masiku ambiri. Bambo wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga mwana wanga asaina bwanji ngati simukumukankha?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, kusaina ndi tsiku limodzi. Ine ndikufuna mwana wanu adzakhale akuponyabe ali ndi zaka 30." Umphawi wa pakhomo pawo ndikuudziwa, chifukwa ndinachokera momwemo, ndipo sindiwaweruza makolo ofulumira. Koma mkono ukatha mwana ali ndi zaka 17, banja limataya zonse ziwiri, ndalama ndi sukulu imene anaisiya.

Liwiro limabwera lokha thupi likamakula ndi miyendo ikamalimba. Chimene sichibwera chokha ndi chala chodziwa msoko, diso lowerenga mapazi a womenya, ndi mtima wosanjenjemera. Mnyamata ndimamutcha woponya tsiku limene, ali ndi ma ball atatu, womenya akudikira fastball ndipo bwalo lonse likudziwa zimenezo, iye agwira changeup mkati mwa gulovu n'kuiponya strike.